Kupanga Tinthu ta Padesiki ndi Matabwa a Walnut: Kuyerekeza Matabwa, Zida, Malumikizidwe ndi Zopaka

Kathabwa koimikira foni, kabokosi kosungiramo zolembera, kathileyi koikamo makiyi, ndi kabenchi kokwezera sikirini ya kompyuta ndi zinthu zimene anthu ambiri oyamba kukonda ukalipentala amayambira, poganiza kuti popeza ndi zazing'ono ndiye kuti ndi zosavuta. Koma tinthu ta padesiki tili ndi vuto lomwe kabati kapena bedi alibe, chifukwa mwini wake amatiyang'ana pafupi tsiku lonse ndipo amatigwira nthawi ndi nthawi. Mpata wa theka la milimita pamene matabwa awiri akumana suonekera pa kabati yoima pakona ya chipinda, koma pa kabokosi kokhala pamaso pa munthu, mpatawo ndi umene umaoneka poyamba. Choncho njira iliyonse imene ndiyerekeze pano ndikuiyeza pofunsa kuti idzapereka chiyani kwa diso loyang'ana pafupi ndi kwa chala chokhudza.

Thabwa liti

Dzina loti walnut limapatsidwa kwa mitengo ingapo, ndipo ina mwa iyo si walnut n'komwe. Umene amisiri ambiri amatanthauza ndi walnut wakuda wa kum'mawa kwa North America, womwe dzina lake la sayansi ndi Juglans nigra. Pakatikati pa mtengowu pamakhala pofiirira moderapo, nthawi zina ndi mizere yokhala ngati yapepo, pamene mbali yakunja pafupi ndi khungwa imakhala yoyera. Pa muyezo wa Janka, umene umaona mphamvu yofunika kuti kampira kachitsulo ka mamilimita 11.28 kalowe m'thabwa mpaka theka lake, walnut wakuda amafika pa mapaundi 1,010, pamene mtengo wa red oak uli pa 1,290 ndipo hard maple ali pa 1,450. Manambala amenewa akusonyeza chifukwa chake mtengowu umakoma kugwira nawo ntchito ndi manja: ndi wolimba mokwanira moti chikhadabo sichiukanda, koma subunthitsa tchizulo msanga.

Wachiwiri ndi Juglans regia, walnut wa ku Ulaya ndi ku Asia, amenenso amalimidwa chifukwa cha mtedza wake. Ndi wolimbirapo pang'ono, pa 1,220, ndipo maonekedwe ake ndi owalirapo, ofiirira motuwira, okhala ndi mizere yakuda yoyenda mokhotakhota. Ngati desiki yanu ndi yakuda kale, mtundu umenewu umaonekera bwino kuposa wa ku America, womwe ungathe kungobisika. Palinso claro, wochokera ku California, amene amadziwika ndi mizere yopiringizika ya mitundumitundu. Ndi wokongola kwambiri, koma kupiringizika komweko kumachititsa kuti landa izing'amba thabwa m'malo molipala, ndipo sindingalangize munthu wongoyamba kumene kuti ayambire pamenepo.

Muyenera kusamala ndi matabwa amene amangobwereka dzinali. Omwe amatchedwa African walnut ndi a mtengo wa Lovoa trichilioides, wa m'banja la mahogany. Ndi thabwa labwino palokha, koma maonekedwe ake amapita ku golide, osati ku mdima wa walnut weniweni. Omwe amatchedwa Brazilian walnut ndi ipe, wolimba kupitirira katatu kuposa walnut wakuda, ndipo munthu amene ali ndi macheka apamanja ndi tchizulo basi adzavutika nawo kwambiri.

Nkhani yofunika kuposa mtundu wa mtengo ndi ya momwe thabwalo linaumitsidwira. Ocheka matabwa ambiri amayamba aika walnut wakuda m'nthunzi asanamuumitse mu uvuni, n'cholinga choti mbali yoyera ija iderepo ndipo thabwa lonse lioneke lofanana. Zimenezi zimathandiza munthu amene akupanga tebulo lalikulu ndi matabwa ambiri, koma zimachotsa kanthu kena, chifukwa mitundu yapepo ndi yofiira ija imazilala n'kutsala maonekedwe amodzi otuwira. Thabwa louma ndi mphepo, losadutsa m'nthunzi, limasunga mitundu yonseyo. Pa kanthu kakang'ono kamene mungakabise m'manja awiri, palibe chifukwa chofunira kuti matabwa ambiri afanane, ndipo kwa ine thabwa losapsa ndi nthunzi ndi lomwe limapambana. Mzere woyera wodutsa m'mphepete mwa kathileyi, umene opanga mipando yaikulu amaudula n'kutaya, pano ungakhale chokometsera chake.

Komabe thabwa louma ndi mphepo limafuna kuleza mtima. Amisiri amawerengera pafupifupi chaka chimodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwake, ndipo ngakhale nthawiyo itakwana, thabwa losungidwa panja limakhalabe ndi chinyontho chochuluka kuposa chofunika m'nyumba. Matabwa a zinthu za m'nyumba nthawi zambiri amafunika kukhala ndi chinyontho cha pakati pa 6 ndi 8 peresenti, makamaka m'zipinda zouma, motero thabwa lililonse, ngakhale la mu uvuni, liyenera kukhala milungu ingapo m'chipinda chofanana ndi chimene kanthuko kadzakhalamo musanayambe kulicheka. Kachipangizo koyezera chinyontho kamathetsa kungoganizira. Walnut wakuda akamauma kuchokera pauwisi mpaka kuumiratu amafota ndi 7.8 peresenti motsatira mizere yozungulira ya mtengo, ndi 5.5 peresenti mopingasa mizereyo, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumapindika thabwa. Pa choimikira foni kupindikako n'kochepa, koma thabwa la mamilimita 230 m'lifupi la kabenchi ka sikirini likapindika, kabenchiko kamagwedera nthawi iliyonse mukatsamira padesiki.

Manja, magetsi kapena kompyuta

Pali njira zitatu zodulira ndi kusema tinthu timeneti. Makina a magetsi, monga sowo ya patebulo ndi router (chida chosemera ngalande ndi m'mphepete mwa thabwa), amafulumira ndipo amabwereza muyezo umodzi mosaphonya, zomwe n'zothandiza ngati mukufuna kupanga mabokosi khumi ofanana. Vuto lake ndi loti makinawa anapangidwira matabwa aakulu. Kachidutswa kakafupi kamabweretsa zala pafupi ndi mano a sowo, ndipo kakapanikizika pakati pa manowo ndi chotsogolera thabwa, kamaponyedwa chakumbuyo mwamphamvu. Amene asankha njira imeneyi ayenera kuzolowera kugwira ntchito yonse pa thabwa likadali lalitali, kusema ngalande, kuzungulitsa m'mphepete ndi kubowola, kenako n'kudula tizidutswa pomaliza.

Makina a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta, amakumba thileyi m'thabwa limodzi mwaukhondo ndipo amalemba dzina mosalakwitsa. Koma nthawi yambiri imathera pa kujambula pakompyuta, ndipo pansi pa malo okumbidwawo pamatsala timizere ta mpeni timene muyenera kutichotsabe ndi manja. Kwa munthu wofuna kugulitsa zambiri, njirayi ili ndi malo ake, koma kwa amene akuchita izi pofuna kusangalala ndi thabwa, ndikuona kuti imamutalikitsa ndi chimene anafuna.

Zida zapamanja ndi zomwe zimagwirizana kwambiri ndi kukula kwa ntchitoyi. Macheka a mano ang'onoang'ono, tchizulo ziwiri kapena zitatu, landa yaing'ono yogwira ndi dzanja limodzi, sikweya yolondola, mpeni wolembera mizere ndi zopanira zingapo ndi zokwanira. Macheka a ku Japan, monga dozuki, amadula mukamakoka osati mukamakankha, motero chitsulo chake ndi chopyapyala ndipo mzere wodulidwa umakhala waung'ono, pamene macheka a ku Ulaya okhala ndi msana amapirira dzanja losazolowera ndipo ambiri mwa iwo mungathe kuwanola nokha. Onse awiri amagwira ntchito, ndipo chofunika kwambiri ndi kunola. Tchizulo yonoledwa pa madigiri 25, n'kuwonjezera kamphepete ka madigiri 30 kunsonga, imadutsa kumutu kwa thabwa la walnut n'kutulutsa timapepe topyapyala, ndipo pamalo pamene yadutsapo pamatsala powala moderapo ngati papakidwa kale mafuta. Tchizulo yobuntha imaphwanya ulusi wa thabwa n'kusiya malo otuwa okhala ndi timaenje, ndipo sandipepa sangakonze zimenezo mokwanira. Chida chimodzi cha magetsi chimene ndimachivomereza ndi mtima wonse ndi chobowolera choimikidwa pa mzati wake wachitsulo, chifukwa kubowola dzenje lakuya loongoka ndi manja okha n'kovuta.

Njira iliyonse imene mwasankha, fumbi la walnut limayabwa m'mphuno, m'maso ndi pakhungu kwa anthu ena, choncho valani chotchinga kukamwa ndi mphuno mukamakwecha. Utuchi wa walnut wakuda usaikidwe m'khola la akavalo, chifukwa umawadwalitsa ziboda, ndipo usathiridwe pa mbewu monga tomato, zimene sizigwirizana ndi mankhwala otchedwa juglone opezeka mumtengowu.

Chipika chimodzi kapena matabwa olumikiza

Chosungiramo zolembera chingapangidwe pobowola chipika chimodzi kapena polumikiza timatabwa tinayi. Chipika chili ndi ubwino woti n'cholemera, sichigwa mukasolola cholembera, ndiponso chilibe malumikizidwe oti n'kutseguka. Maenje ake amabowoledwa ndi mpeni wa Forstner, umene umasiya pansi pa dzenje pali posalala. Mukamabowola kuchokera kumutu kwa thabwa, mpeniwo umatentha msanga, motero muyenera kuuyendetsa pang'onopang'ono n'kumautulutsa pafupipafupi kuti utuchi uchoke, apo ayi m'kati mwa dzenje mumapserera. Kuipa kwa chipika n'koti thabwa lochindikala limachedwa kuuma m'kati, ndipo lingathe kung'aluka patapita miyezi. Njira yodalirika ndi kumata timatabwa titatu touma bwino kuti tipange chipikacho.

Choimikira foni ndi chipika chokhala ndi ngalande imodzi yopendekeka. Ngalande ya mamilimita 12 kapena 13 imakwana mafoni ambiri okhala m'chikwama chake, koma ndi bwino kuyeza foni yeniyeniyo, ndipo kupendekeka kwa madigiri 20 kapena 25 kuchoka poongoka kumathandiza kuti muziona sikirini mutakhala pansi. Musaiwale kusiya mpata wa waya wotchajira pakati pa ngalandeyo.

Pa mabokosi ndi mathileyi, kungogunditsa matabwa n'kumata ndi guluu ndi njira yofooka, chifukwa kumutu kwa thabwa kumamwa guluu ndipo cholumikiziracho chimatsala chouma. Malumikizidwe a zala zolowerana ndi olimba kwambiri, koma amafuna chotsogolera cholondola, ndipo pa kabokosi kakang'ono amachulukitsa mizere moti diso limaleka kuona thabwa. Malumikizidwe a dovetail, a mano ooneka ngati mchira wa nkhunda, amene pa matabwa olimba amapendekeka pa muyezo wa 1 pa 8, ndi amene amisiri amanyadira, ndipo ndi oyenera kuwaphunzira, ngakhale kuti kathileyi ka makiyi sikasowa mphamvu yotere.

Njira imene ndimaiona kuti imayenerana ndi walnut ndi yodula nsonga pa madigiri 45. Mukadula mbali zonse zinayi motsatizana kuchokera ku thabwa limodzi, mizere ya thabwa imapinda pakona n'kupitirira mbali inayo popanda kuduka, ndipo pakona zitatu mwa zinayi bokosilo limaoneka ngati thabwa langopindidwa. Pomata, yalani zidutswazo motsatana patebulo, kunja kwake kutayang'ana kumwamba, nsonga zitakhudzana, kenako matani tepi pa malo onse okumanira. Mukazitembenuza, pakani guluu m'timipata tija n'kuzipinda, ndipo tepiyo imakoka ngodya zonse mofanana popanda chopanira. Popeza malumikizidwe amenewa paokha si olimba kwenikweni, chekani timing'alu topingasa pangodya iliyonse n'kulowetsamo tizidutswa topyapyala ta maple, timene timalimbitsa komanso timawala pa thabwa lakudalo. Pansi pa bokosi pakhale kathabwa kolowa m'ngalande popanda kumatidwa mbali zonse, kuti kazitha kufufuma ndi kufota momasuka.

Guluu wamba wa matabwa, wotchedwa PVA, amafuna kupanidwa kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndipo amalimbiratu pakatha maola 24. Pa walnut, guluu wotayikira ndi mdani wamkulu, chifukwa saoneka thabwa likadali louma, koma mukangopaka mafuta pamatuluka banga loyera pamene mafutawo akanika kulowa. Musamupukute ndi nsalu yonyowa, popeza mumangomulowetsa m'timabowo ta thabwa. Mudikireni ayambe kulimba, kenako mumuchotse ndi tchizulo.

Chopaka pamwamba

Apa ndi pamene kanthu ka padesiki kamapambana kapena kulephera, chifukwa chimene chala chimakhudza ndi chopakacho. Musanapake chilichonse, kwechani ndi sandipepa wa nambala 120, kenako 180, kenako 220, motsatira mizere ya thabwa ndipo osadumpha nambala. Mukamaliza, pukutani thabwa ndi nsalu yonyowa pang'ono. Madziwo amadzutsa timaubweya ta thabwa kuti mutichotse likauma, ndiponso amaonetsa mikwingwirima yopingasa ndi mabanga a guluu nthawi ikadalipo yokonza.

Mafuta a linseed owiritsa amalowa m'thabwa n'kulidetsa mokongola, ndipo kupaka kwake n'kosavuta, koma amateteza pang'ono ku madzi ndipo amapita chachikasu pakapita nthawi. Mafuta a tung enieni amakana madzi bwinoko ndipo sasintha mtundu kwambiri, koma amafuna kupakidwa kangapo, ndipo pamatenga milungu kuti aumiretu. Dziwani kuti zitini zambiri zolembedwa dzina la tung zimakhala zosakaniza ndi vanishi, choncho werengani zolembedwa kumbuyo. Danish oil ndi wosakaniza wa mafuta, vanishi ndi chosungunulira, ndipo ali pakati pa mafuta okha ndi vanishi: amauma mofulumirirapo, amateteza kuposa mafuta okha, ndipo thabwa limamvekabe ngati thabwa m'manja. Mafuta osakaniza ndi phula lolimba, monga a makampani a Osmo ndi Rubio Monocoat, amapereka maonekedwe osanyezimira, ndipo malo okandika mungawakonze osakwecha kanthu konse.

Shellac amachokera ku utomoni wa tizilombo ta lac topezeka ku India ndi ku Thailand, ndipo amasungunulidwa mu spiriti. Amauma m'mphindi zochepa, amapatsa walnut kuwala kofunda, ndipo popeza satsalira ndi fungo, ndi woyenera kwambiri m'kati mwa bokosi lotsekeka, momwe mafuta anganunkhe kwa miyezi. Kufooka kwake n'koti spiriti yemweyo amamusungunulanso, choncho dontho la mankhwala opaka m'manja okhala ndi spiriti kapena la perefyumu limasiya chipsera, ndipo kapu yotentha imatha kusiya bwalo loyera.

Vanishi wa polyurethane ndi amene amateteza kuposa zonse, koma amaika chikopa pamwamba pa thabwa, ndipo akachindikala chala chimamva pulasitiki. Wosungunulidwa m'mafuta amadetsa walnut mofunda, pamene wosungunulidwa m'madzi amauma wopanda mtundu uliwonse, zomwe zimasiya walnut ali wotuwa ndi wozizira m'maso, pokhapokha mutayamba mwapaka shellac wopanda phula pansi pake. Phula lokha, kaya la njuchi kapena la carnauba lochokera ku mgwalangwa wa ku Brazil, limasalalitsa koma siliteteza, ndipo malo ake ndi pamwamba pa chopaka china.

Poyerekeza zonsezi, ndikuona kuti chosankha chiyenera kutsatira ntchito ya kanthuko. Choikapo kapu chimakumana ndi madzi ndi kutentha tsiku lililonse, motero chimafuna polyurethane wopyapyala, wopakidwa ndi nsalu katatu kapena kanayi. Kabenchi ka sikirini, komwe kamangokokeredwapo zinthu, kamakhala bwino ndi mafuta a phula lolimba. Koma choimikira foni, chosungiramo zolembera ndi kathileyi, zimene zimagwidwa kwambiri koma sizinyowa, ndimazipatsa Danish oil, ndipo pali njira ina imene imakometsa zotsatira zake. Walnut ali ndi timabowo toonekera. Pa ulendo wachiwiri wopaka, kwechani thabwa mafuta akadali anyowa ndi sandipepa wosaopa madzi wa nambala 400. Fumbi losalala limasakanikirana ndi mafuta n'kupanga phala lakuda limene limalowa m'timabowomo, ndipo mukapukuta mopingasa mizere n'kusiya kuti liume, pamwamba pamakhala posalala kwambiri popanda chikopa chilichonse. Lamulo la mafuta onse ndi kupukuta otsala pakatha mphindi 10 kapena 15, chifukwa mafuta osiyidwa pamwamba amakhala onata ndipo sauma bwino.

Nsalu zimene mwapakira mafuta a linseed, a tung kapena Danish oil zisaunjikidwe pamodzi. Mafutawa amauma pogwirizana ndi mpweya, ndipo potero amatulutsa kutentha, moti mulu wa nsalu zotere ungathe kuyaka wokha usiku popanda woyatsa. Ziyaleni imodzi imodzi panja mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'madzi m'chitini chachitsulo chotseka.

Mosiyana ndi matabwa a cherry, amene amaderapo akamawombedwa ndi dzuwa, walnut amayererapo n'kupita ku mtundu wagolide pakapita zaka, ndipo desiki yokhala pafupi ndi windo imafulumizitsa zimenezi. Vanishi wokhala ndi mankhwala otchinga cheza cha dzuwa amachedwetsa kusinthaku koma sakuletsa, pamene kanthu kopakidwa mafuta mungakakweche pang'ono n'kukapakanso kuti kabwererenso pafupi ndi mdima wake woyamba. Pomaliza, matani timapazi pansi pa kanthu kalikonse. Ta nsalu yofewa yochindikala yotchedwa felt timalola kathileyi kutsetsereka popanda kukanda desiki, pamene ta cork kapena ta labala timagwira pansi, ndipo ndi timene timafunika pa choimikira foni kuti chisamathawe mukadina sikirini ndi chala.